Utsi wa Kagalimoto ka a Kandulu

Ku Bangwe kunali makaniko wina dzina lake Dafuleni, amene ankagwirira ntchito pamalo a bambo Kandulu. A Kanduluwo anali ndi kagalimoto kakale kaliwiro, kazitseko ziwiri, kamene kankamwa oyilo ngati thobwa. Atapeza wofuna kukagula, anamuitana Dafuleni.

"Mawa kukubwera mayi Nasibeko. Ukangotchula vuto lililonse, usamuke pano ndi masipanala ako omwe."

Dafuleni anangoti, "Ndamva, bwana." Koma ankadziwa kuti injini yodwala siibisa matenda ikamadzuka kum'mawa.

Mayi aja anafika a Kandulu atatchena suti yoyera.

"Achimwene, sikafuka utsi aka?" mayiwo anafunsa Dafuleni.

"Amayi, ine wamafuta m'manja mungandikhulupirire bwanji? Eni ake ndi awa. Amakadalira kwambiri moti atha kugwada kumbuyoku, nkhope pa ekizozi potulukira utsipo, inu n'kuliza injini ikadali yozizira. Si choncho, bwana?"

A Kandulu anayang'ana mayiwo, anayang'ananso anthu amene anali atayamba kusonkhana. Kukana kukanakhala kuulula. Anagwada.

Mayi Nasibeko anapotokola kiyi n'kuponda moto. Kagalimoto kanatsokomola kawiri, kenako phuu! Chiutsi chabuluu ndi madontho a oyilo. A Kandulu anadzuka misozi ili chuchuchu, suti ili mawangamawanga ngati nkhanga. Mayiwo anasiya kiyi pampando, ulendo.

"Iwe Dafuleni!" anakuwa a Kandulu.

"Pepani bwana, anthu onsewa ndi mboni. Vuto ine sindinalitchule. Mwalivala nokha."