Mpando Umodzi M'galimoto ya a Mtambalika

Kalekale, osati kale la mikondo ndi zishango ayi, koma kale lija mpira ukaphulika masewero ankayamba aima kudikira wosoka nsapato, panali koleji ina ya uphunzitsi kuseri kwa mapiri. Za mabuku a pakolejipo sindinamvepo wina akuzitama. Chimene chinkamveka ndi timu yake ya mpira, imene anthu anaipatsa dzina loti Njuchi.

Dzinali silinabwere pachabe. Mphunzitsi wa timuyo, a Kamanula, anali ndi lamulo limodzi basi: "Onse kutsogolo!" Anyamata akangolanda mpira ankakhamukira ku golo la adani nthawi imodzi, osacheuka. A Kamanula ankati, "Akatimwetsa ziwiri, ife tiwamwetsa zitatu. Mpira ndi zigoli, si kulondera nkhokwe." Ochemerera ankaukonda mpira umenewo moti ena ankabwerera kwawo mawu atatha.

Koma walira mvula walira matope. Mpira wopita msanga umabweranso msanga. Ukangolandidwa kutsogoloko, adani ankapeza bwalo lili pululu, n'kutsika atatu kapena anayi, ndipo wowachingamira anali munthu mmodzi, Tobiyasi, wotchinga kumbuyo. Anzake akagoletsa ankavina, iye ankagwira m'mawondo kufunafuna mpweya, podziwa kuti pakangotha mphindi imodzi moto uli pa iye. Munthu mmodzi sangatseke njira zitatu, choncho ankadyetsedwa njomba kawirikawiri. Ochemerera, anthu osayamika inu, anamupatsa dzina loti Chipata. Dzinalo linkamupweteka kwambiri, ngakhale ankaseka nawo.

Tobiyasi ankagona chipinda chimodzi ndi anzake awiri a m'timu momwemo. Wina anali Fanuwelo, womwetsa zigoli, mnyamata wa liwiro amene chibadwire sanabwererepo kumbuyo kudzathandiza. Wina anali Lapukeni, goloboyi, wamtali ndi wosalankhulalankhula. Atatuwa ankabwerekana sopo ndi malaya, ndipo onse anali m'chaka chomaliza. Akanangomaliza, aliyense akanatumizidwa kusukulu yakutali kukagwira choko, mpira n'kuthera pomwepo. Tobiyasi sankadana ndi choko, koma mtima wake unkalakalaka kuti tsiku lina asewere m'timu yomwe otchinga kumbuyo amakhala anayi, anthu aone kuti iye si chipata.

Chaka chimenecho Njuchi zinafika mu ndime yomaliza ya chikho cha makoleji. M'mawa wa tsikulo kunabwera galimoto yoyera, ndipo munatsika bambo wina wa chipewa, a Mtambalika, wofunafuna osewera a timu yaikulu ya mumzinda. Anapatsa moni a Kamanula n'kunena poyera, anyamata onse akumva: "Malo ndili nawo amodzi. Amene andikhutiritse lero tipitira limodzi madzulo ano." Atatero anakhala pampando pafupi ndi mzere wa bwalo, kabuku pamwendo.

Kaya ndi mantha a chikho, kaya ndi manyazi pamaso pa mlendo, a Kamanula anasintha lamulo lawo tsiku lomwelo. "Lero tikhala kumbuyo. Fanuwelo yekha ndiye atsale kutsogolo."

Abale, chigawo choyamba Tobiyasi anasewera mpira umene anali asanausewerepo. Kumanja kunali mnzake, kumanzere kunali mnzake, mpweya unalipo wokwanira. Mpira wam'mwamba ankauchotsa ndi mutu, wapansi ankaulanda mwaulemu ngati akulandira mbale. Palibe anamudutsa ndi mmodzi yemwe. Kawiri konse anaona a Mtambalika akumuyang'ana kenako n'kulemba m'kabuku muja, ndipo mtima wake unagunda ndi chimwemwe. Koma kutsogolo Fanuwelo ankangoyendayenda ngati mwana wotayika pamsika, mpira osamufika. Chigawo chili pafupi kutha, adani anamenya kona, mpira unagunda bondo la munthu n'kulowa. Popita kokapuma, Njuchi zinali zitamwa chimodzi kwa duu.

Anakhala pansi pa mtengo wa mbawa, onse ali zyoli. Tobiyasi ankadziwa bwino mmene zinthu zinalili. Akapitiriza chomwecho, chikho chipita, koma mpando wa m'galimoto uja ndi wake. Anayang'ana anzake, anayang'ana a Kamanula amene anali atagwira timuyo zaka khumi ndi ziwiri osakhudzako chikho.

"Akochi," anatero, "amasuleni anyamatawa. Njuchi sizikhala mumng'oma masana. Apite onse."

"Nanga kumbuyo?"

"Mundisiyire Lapukeni. Tinazolowera."

Lapukeni anamufunsa, "Aise, ukudziwa chimene ukudzichita?"

"Ndikudziwa," anayankha Tobiyasi, akumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale.

Tsono mverani zimene aliyense anachita m'chigawo chachiwiri.

Fanuwelo atangoona anzake akubwera m'mbuyo mwake, anadzuka ngati wathiridwa madzi. Anagoletsa ndi mwendo wamanja, anagoletsa ndi mutu. Adani anayamba kumuponda dala, bondo linatupa, masokosi anafiira magazi, koma sanapemphe kutuluka. Anagoletsa chachitatu atagwa kale pansi, ndipo chachinayi anachimenya ali patali moti goloboyi wa adani anangochiperekeza ndi maso. Zigoli zinayi, munthu mmodzi! Komatu pofuna zinayizo anataya mpira kosawerengeka, ndipo uliwonse umene anataya unkasanduka moto kumbuyo.

Lapukeni ndiye ankalandira motowo. Anadumphira kumanja, anadumphira kumanzere, wina anauchotsa ndi chifuwa, wina ndi nkhope. Pogwira mpira wina wamphamvu, chala chake chapakati chinathyoka. Anangong'amba kansalu, n'kuchimangirira ku chinzake, osauza munthu. Zigoli ziwiri zinamudutsabe, ndipo chimodzi mwa izo, tinene zoona, chinali chogwirika, chinamupulumuka m'manja chifukwa cha chala chija.

Tobiyasi anathamanga mpaka miyendo inayamba kukokana. Akachotsa mpira uwu, asanapume n'komwe, wina wabwera kale. Anadyetsedwa njomba kawiri pamaso pa a Mtambalika, kachiwiriko mpaka anakhala pansi, ndipo gulu lonse linaimba, "Chipata! Chipata chatseguka!" Anadzuka misozi ili m'maso, osayang'ananso kumene kunali kabuku kuja. Itatsala mphindi imodzi, Njuchi zikutsogola zinayi kwa zitatu, Fanuwelo anafuna chachisanu n'kulandidwa mpira. Adani anatsika atatu. Tobiyasi anatseka woyamba, mpira unapita kwa wachiwiri. Anatembenuka kutsata wachiwiri, mpira unapita kwa wachitatu, amene anamudutsa Lapukeni n'kutsala ndi golo lopanda munthu. Tobiyasi anadziponya ndi mphamvu zotsala, n'kumupinga mnyamatayo. Woimbira analiza wezulo: penate, ndi khadi lofiira.

Anatuluka m'bwalo mwakachetechete, anthu akumukuwiza. Ali kunja kwa mzere anaona Lapukeni akulavulira m'manja, akudumphira kumanzere, n'kuukankha mpira uja ndi dzanja lomwe lija la chala chothyoka. Wezulo yomaliza inalira pomwepo. Chikho chinali cha Njuchi.

Fumbi litachepa, a Mtambalika anaitana atatuwo pamodzi ndi a Kamanula pafupi ndi galimoto. Anatsegula kabuku kawo n'kupukusa mutu.

"Ntchitoyi ndaigwira zaka zambiri, koma lero yandikanika. Uyu wagoletsa zinayi, koma akataya mpira amaima n'kugwira m'chiuno. Uyu wagwira penate, koma wamwa zitatu. Uyu chigawo choyamba ndinamulemba kawiri, chachiwiri ndinamufufuta kawiri, kenako khadi lofiira. Chinachitika n'chiyani, mphwanga?"

A Kamanula ndiwo anamuyankhira Tobiyasi, n'kufotokoza zimene zinanenedwa pansi pa mbawa paja.

Fanuwelo anati, "Bwana, sindinama, malowo ndikuwafuna. Popanda zigoli zanga chikho sichikanabwera. Koma chigawo choyamba munandiona nokha mmene ndinalili, anzanga asanamasulidwe."

Lapukeni anati, "Penate ija ikanalowa, bwenzi zinayi zakezo zili zongokumbukira. Koma Tobiyasi akanapanda kumupinga uja, penate yoti ndigwire sikanakhalapo."

A Mtambalika anatembenukira kwa Tobiyasi. "Nanga iwe?"

"Ine ndimangofuna mudziwe kuti si ine chipata," anatero.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo ulendo wa mumzinda unali wautali. Dalaivala analiza injini. A Mtambalika anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuima atachigwira, akuyang'ana anyamata atatu a chipinda chimodzi: wina bondo lotupa, wina chala chomanga kansalu, wina wangoti ndwii, khadi lofiira lili pa dzina lake.

Ine nkhaniyi ndaisenza mpaka pano, ndipo ndaitula pamaso panu. Wogoletsa zinayi uja anawala chifukwa mnzake analolera kunyozeka. Wogwira penate uja anapulumutsa chikho, koma atapatsidwa mpata ndi cholakwa cha mnzake. Wonyozekayo anapereka mwayi wake ndi manja awiri, komatu kudzipereka kwakeko kukanapita pachabe anzakewo akanalephera. Mpando ndi umodzi, ndipo galimoto ikulira. Inu mukanakhala a Mtambalika, mukanauza ndani kuti akwere?