Mawese a Ukwati wa Eliness

Pa siteshoni ina ya zaulimi pafupi ndi Mlare ku Karonga panali kapitawo, dzina lake a Yotamu Mwafongo. Anali munthu wolimbikira ntchito, wosamwa, wokonda banja lake, koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: sankafuna kuoneka ngati pali chimene sakuchidziwa. Ukawafunsa njira ya kumene sanapondeko, ankakulozera ndi chala molimba mtima, iwe n'kukasochera wekha.

Mzungu amene ankalangiza za ulimi wa mpunga pa siteshonipo atamaliza ntchito yake m'chaka cha 1984, anawasiyira kagalimoto kake koyendera petulo, kamtundu uja amakwera osewera gofu ku Limbe. Kanalibe zitseko, denga lake linali la lona, ndipo injini inali pansi pa mpando. Liwiro lake silinkaposa la njinga ya munthu amene wakhuta, koma kwa a Mwafongo kanali galimoto ya nduna. Ankakapukuta m'mawa uliwonse asanasambe iwo eni.

Chaka chotsatira mwana wawo woyamba, Eliness, anapeza banja ndi Kenan, mphunzitsi wa ku Chilumba. Tsiku lokambirana za ukwati, a Mwafongo anaimirira pamaso pa akuchimuna n'kunena mawu amene palibe anawapempha.

"Mwana wanga sadzaponda fumbi tsiku limenelo. Ndidzamunyamula ndekha, kuchokera pakhomo pano mpaka pa khomo la tchalitchi."

Mawuwo anayenda mudzi wonse. Eliness naye anawasunga mumtima ngati dzira, chifukwa kuderalo kunalibe mkwatibwi amene anapitako kutchalitchi pa galimoto ya bambo ake.

Lachinayi, ukwati uli Loweruka, kagalimoto kanayamba kutsokomola. A Mwafongo anatukula mpando, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali bii ngati mwaye, komanso atatsala pang'ono. Apa anakumbukira kuti mzungu uja potsanzikana anati oyilo azisinthidwa chaka ndi chaka. Anapalasa njinga kukazungulira masitolo onse a pa Mlare, koma masiku amenewo katundu ankavuta, ndipo eni sitolo anangoti mwina abwera ndi sitima ya panyanja sabata yamawa.

Pa siteshoni pomwepo panali makaniko, Lyson Chimpeni, wochokera ku Thyolo, amene boma linamutumiza kudzasamala mapampu a madzi. Munthuyu anali wofatsa, koma anali ndi mlandu umodzi: tsiku lina anakonza pampu imene a Mwafongo analimbana nayo masiku atatu, ndipo anaikonza antchito akuonerera. Kuyambira pamenepo a Mwafongo ankamupatsa moni wa m'mphuno.

Madzulo a Lachinayi lomwelo Lyson anawapeza atawerama pa injini.

"Akapitawo, ndamva kagalimoto kakutsokomola. Ndimati ndikuuzeni kuti..."

"Kali bwino kuposa iwe," anamudula a Mwafongo. "Ine injini ndinayamba kuzigwira iwe usanamere mano. Kasamale mapampu ako."

Lyson anavula chipewa n'kubwerera.

Lachisanu masana, akazi awo a Hilda ali kuseri ndi amayi anzawo kupeta mpunga wa ukwati, a Mwafongo analowa m'kachipinda kosungira zakudya kufunafuna fanelo. Maso awo anagwera pa chigubu cha mawese, mafuta ofiira a kanjedza amene a Hilda anaitanitsa kwa mkulu wawo ku Kaporo kuti aphikire alendo. Anaviika chala, n'kutikita. Anali oterera bwino, onenepa, ooneka athanzi kuposa oyilo wa m'sitolo.

"Mafuta ndi mafuta," anadziuza okha. "Ngati amafewetsa usipa wouma, chitsulo n'chiyani?"

Tisawanamizire, ntchitoyo anaigwira mwadongosolo, monga anaonera kwa mzungu. Analiza injini pang'ono kuti oyilo wakale atenthe, anatchera beseni pansi, anamasula bawuti ndi sipanala, oyilo wakuda n'kutuluka yense mpaka dontho lomaliza. Anabwezera bawuti, anamanga zolimba, n'kuthira mawese ndi fanelo mpaka kachitsulo koyezera kanasonyeza pa mzere. Ataponda, injini inalira mofewa ngati mwana amene wayamwa. A Mwafongo anayang'ana cha ku shedi ya Lyson n'kumwetulira. Chimene chinalakwika pa ntchito yonseyo chinali chimodzi chokha, ndicho chimene anathiramo.

Dzuwa lisanalowe a Hilda anatulukira atanyamula chigubu chopepuka, n'kuitana amuna awo mwa chikwawo, potchula dzina la mwana.

"Awiske Eliness, mawese anga achepa. Mwaona amene walowa m'nyumba muno?"

"Ine za kukhitchini ndizidziwe bwanji?"

"Ndiye ndi alamu anga omwewa, manja awo sakhala phee," anadandaula a Hilda. "Otsalawa ndiwaike pafupi ndi moto. Ndi kuzizira kwa Julaye kuno, pofika m'mawa amakhala atagwirana ngati phala la dzulo."

 Funso lakuti kaya m'injini agwirananso chimodzimodzi linawafika a Mwafongo pamlomo penipeni. Koma kufunsa kukanakhala kuvomera, choncho analimeza n'kukasita jekete.

Loweruka m'mawa kunacha kozizira. Ataponda kuti alize, injini inangobuula ngati ng'ombe yodwala. Anakankhira kagalimoto padzuwa, akunamizira kuti akufuna kuumitsa maluwa amene atsikana anakakongoletsera. Ataponda kachisanu ndi chiwiri, kanavomera.

Eliness anatuluka atavala diresi yoyera imene telala wa pa boma anaisoka mwezi wathunthu. Anakhala pambali pa bambo ake, pamwamba penipeni pa injini. Amayi anali pambuyo ndi nyimbo ndi nthungululu, ana akuthamanga m'mbali, ndipo a Mwafongo ankakweza dzanja kwa anthu ngati nduna imene ikubwera kudzatsegula mlatho. Kutchalitchi kunali kukudikira akuchimuna onse, abusa, ngakhale atcheyamani a chipani amene anapatsidwa mpando wa kutsogolo.

Atadutsa pa mjigo, mayi wina anasiya kuimba n'kununkhiza m'mwamba.

"Kodi akukazinga panjira pano ndani?"

Fungo linali la ndiwo ya mtengo wapatali. Agalu awiri anatulukira m'munda wa chinangwa n'kulowa nawo mumdipiti, kenako anakhala asanu. Pansi pa mpando panayamba kumveka kuthetheka. Utsi unatulukira m'mbali mwa mkwatibwi, thovu lofiira linafwamphuka m'mphepete mwa mpando, injini inagogoda katatu n'kuti zii. Tchalitchi chinali chikadali patali, denga lokha likuoneka.

Eliness anatsika akutsokomola, n'kuponda fumbi lomwe lija ndi nsapato zake zoyera. Kumbuyo kwa diresi kunali banga lofiira lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. A Hilda anathamanga, anagwira bangalo ndi chala, n'kununkhiza.

"Mawese anga!" anakuwa. "Awiske Eliness! Ine ndagona ndisakuyankhula ndi alamu anga, chonsecho mbava ndagona nayo m'nyumba!"

Anthu anayesa kudzigwira, koma alamu aja ndiwo anayamba, ndipo phwete linafalikira mpaka kwa oimba ng'oma. Amene sanaseke anali Eliness. Anayang'ana bambo ake misozi ili m'maso.

"Adada, munati sindiponda fumbi."

Mawu amenewo anawapweteka a Mwafongo kuposa kuseka kwa mudzi wonse. Anachita manyazi mpaka kulephera kudzutsa mutu.

Lyson, amene anali nawo mumdipiti, anatukula mpando ndi kamtengo, anayang'ana, n'kupukusa mutu. Anayankhula motsitsa mawu kuti ena asamve, koma mukudziwa kuti mawu otsitsa ndiwo amamveka patali.

"Akapitawo, injiniyi yagwirana, sidzukanso. Chondimvetsa chisoni n'choti m'shedi mwanga muli zitini ziwiri za oyilo. Mzungu anandisiyira kuti ndisungire kagalimoto komweka. Lachinayi lija ndinabwera kudzakuuzani zimenezo."



A Hilda anamasula chitenje chawo chatsopano n'kumumanga mwana wawo m'chiuno kuti abise banga. Eliness anayenda wapansi mtunda wonse wotsalawo, ndipo analowa m'tchalitchi nsapato zili mbuu. Ukwati unadalitsidwa ndithu. Kenan atamva nkhaniyo anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti palibe mwamuna wina ku Karonga amene analandira mkazi wothira kale mafuta. Mkwatibwi anamwetulira pamenepo, ngakhale iye sanawayang'ane bambo ake mpaka nthawi ya mphatso.

Lolemba m'mawa antchito anaona chinthu chachilendo. A Mwafongo anaima pakhomo pa shedi, chipewa chili m'manja, akufunsa Lyson ngati pali nzeru ina. Nzeru panalibe. Kagalimoto kanakokedwa ndi ng'ombe mpaka pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, kumene nkhuku za a Hilda zinakapeza kabwino kuikiramo mazira. Dzina lakuti Mwafongo linatsalira m'kaundula wa ofesi, pakuti kuyambira tsiku limenelo aliyense, ngakhale zidzukulu zimene Eliness anawaberekera, ankawatchula kuti a Mawese.

Oyilo anali m'shedi, kuponya mwala kuchokera pakhomo pawo. Wodziwa khalidwe la mawese, a Hilda, ankagawana nawo mphasa. Chimene chinasowa ndi funso limodzi lokha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.