Nsanza za pa malalanje a Alexio

Alexio wa ku Malomo anali ndi dzanja la mitengo, koma makutu ndiye analibe. M'masiku aja munthu sunkalowa mumsika popanda khadi la chipani, iye anayamba kumezanitsa malalanje kuseri kwa nyumba yake. Nthambi ankazitenga ku mitengo itatu: wa ku mishoni, wa amalume ake, ndi wina wotsekemera wa ku Chisepo. Tsinde lililonse ankalipatsa nthambi za mitundu yonse itatu.

Tsono adziwa bwanji kuti nthambi iyi kwawo n'kuti? Anang'amba nsanza, yofiira, yoyera ndi yakuda, n'kumamangirira pa nthambi iliyonse.

"Bambo a Lines," anatero mkazi wake Susana, "bwanji osatema zizindikiro pakhungwa? Chipsera chimakula ndi mtengo."

"Ndichedwerenji ndi mpeni? Nsanzazi ndikangoponya diso, munda wonse ndauwerenga."

Susana anangobwerera ku ntchito zake.

Zaka zinapita. Dzuwa la m'mapiri a Ntchisi linasulutsa nsanza zija, mvula inaziwoletsa, zotsala mbalame zinakamangira zisa. Alexio ankangoti zonse zili m'mutu. Mitengo inabereka mpaka kuwerama, ndipo ankanyadira kuti ndicho chuma chimene adzasiyire mwana wake Lines.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaulimi, a Bonifasi, nkhope ili gwaa.

"Mtengo wa ku Chisepo uja wafa ndi matenda. Nthambi zonse zochokera kumeneko zili nawo. Dulani msanga musanataye zinazo. Ndi ziti?"

Alexio anazungulira munda, kugwira nthambi iyi, kuisiya, kugwira ina. Masamba ofanana, minga yofanana. Kalanga ine, m'mutu muja munalibe kanthu! Anachita mantha.

"Tidikire," anatero. "Zodwalazo zidzioneka zokha."

Zinaonekadi, koma mochedwa. Pofika chilimwe masamba anali chikasu munda wonse, tizipatso tili tokwinyika towawa. Alexio anatenga nkhwangwa n'kugwetsa yekha mitengo yonse imene anailera ngati ana, akulira poyera osachita manyazi. Susana sanamukumbutse mawu ake aja. Ankangokoka nthambi kukaunjika pamoto.

Pa nthambi yomaliza, Lines anapeza kaulusi kamodzi katakanirira m'khungwa, kotuwa, kosadziwika mtundu. Anakapereka kwa atate ake, iwo n'kukhala nako pachitsa.

Ntchito ya mpeni ya masiku ochepa ikanapulumutsa munda. Paja akulu anati kuthamanga si kufika.