Kabotolo Nambala 417

Lachiwiri pa 14 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, katswiri wina woyeza magazi anatsegula firiji ya kuntchito kwake n'kutulutsamo kabotolo nambala 417. Lamulo la labotaleyo linkati magazi otsala azitayidwa pakatha masiku asanu ndi awiri, ndipo limeneli linali tsiku lomaliza. Iye sanawataye. Anali magazi a mkazi wake.

Mkaziyo, telala wa shopu yakeyake, anabwera sabata yam'mbuyo kudzayezetsa chifukwa ankamva chizungulire. Anapezeka kuti magazi ndi ochepa, anapatsidwa mapiritsi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwamuna wake anali ndi funso lina limene linkamudya m'kati ngati nankafumbwe kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Funsolo linayamba pamene apongozi ake aakazi anamwalira ndi matenda akumtundu. Amayamba munthu atapitirira zaka makumi anayi: poyamba zala zimanjenjemera, kenako miyendo, kenako lilime, pomaliza nzeru. Mankhwala ochiza kulibe. Mwana wa wodwalayo akhoza kutengera kapena ayi, theka kwa theka. Mayiwo anasiya ana awiri, telalayo ndi mchimwene wake wamkulu, mphunzitsi wa filosofi pa koleji ina, mbeta yokhala yokha m'chipinda chodzaza mabuku. Mawa lake la maliro, akupinda zovala za malemu, awiriwo anapangana kuti palibe adzayezetse. Ankaopa chinthu chimodzi: kuti wina adzapulumuke, mnzake n'kutsala yekha.

Katswiriyo ankalidziwa panganolo. Kwa iye anali mantha chabe ovala jekete.

Lamlungu lililonse mphunzitsiyo ankabwera kudzadya nawo chamasana, ndipo alamu awiriwa sankatha kudya osagwirana pakamwa. Wina ankatchedwa a Makina, wina a Chifukwa. Pa 12 Malichi, telala ali kukhitchini, katswiriyo ndiye anayamba.

"Alamu, kwathu kwabwera makina atsopano. Amawerenga za kumtundu kwa munthu ngati nyuzipepala. Inu mwathera tsitsi lonse kufunsa kuti choonadi n'chiyani, ife timachisindikiza papepala."

"Zikomo a Makina. Kodi amakuuzaninso woti mumupatse pepalalo?"

"Mwini wake."

"Nanga mwini wakeyo akakhala kuti sanapemphe?"

"Ayambapo a Chifukwa! Munthu ukawafunsa nthawi, iwo amakufunsa kuti nthawi n'chiyani."

Mphunzitsiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Sindikulimbana ndi makina anu, alamu. Ndikadwala malungo ndidzathamangira kwa inu, osati ku mabuku. Makina amanena mmene zinthu zilili. Koma zoti tichite nazo chiyani, ndiponso kuti chitseko ichi woyenera kutsegula ndani, zimenezo sizikwana m'kabotolo."

"Tili ndi mwana wamkazi m'nyumba muno. Iyeyo sayenera kudziwa chimene wanyamula?"

"Limenelo ndiye funso lenileni, ndipo si lopepuka. Koma mwafunsa munthu wolakwika. Mwini wake uyo akutsuka mapoto."

Katswiriyo sanapite kukhitchini. Yankho ankalidziwa kale, ndipo sankafuna kulimva. Patatha masiku awiri anamata nambala ina pa kabotolo kaja n'kukalowetsa m'gulu la magazi a kafukufuku.

Zotsatira zinatuluka Lachinayi pa 23 Malichi, 3 koloko itangodutsa. Anaziwerenga katatu. Mkazi wake analibe matendawo. Anavula malaya oyera a ntchito, naiwala ndi kutseka kompyuta, n'kuthamangira kushopu. Anapeza mkaziyo atagwada pansi, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi la ukwati lomwe linali pa chidole choyesera zovala.

"Mayi a mwana, siyani kaye zimenezo! Mulibe! Inu mulibe, mwana wathunso ndi mfulu!"

Telalayo anachotsa mapini kukamwa imodziimodzi. Analandira pepalalo, naliwerenga mpaka pansi, nakhala pa mpando wa makina osokera. Misozi inatsika. Mwamunayo anayesa kuti ndi ya chimwemwe chokha, ndipo mwina ina inalidi yotero.

"Magaziwa munawatenga kuti?"

"Otsala aja. Akanangotayidwa."

"Anali anga."

"Koma mayi, si nkhani yabwino imeneyi?"

"Ndi yabwino. Tandiuzani, bambo: pepalali likananena zinazo, mukanatani?"

Kwa masiku asanu ndi anayi mwamunayo anayang'anira chilichonse, kutentha kwa firiji, ukhondo wa mabotolo, koma funso limenelo silinamufikepo.

"Mukanandiuza ndili ndi mapini kukamwa chonchi? Kapena mukanangokhala chete, n'kumandiyang'ana zala patebulo zaka khumi?" Anapinda pepalalo kanayi. "Ndiye achimwene ndikawayang'ane ndi maso ati?"

Kubisa sakanatha. Mawa lake anapita yekha kukoleji kukauza mchimwene wake. Lamlungu pa 26 Malichi mphunzitsiyo anabwerabe pa nthawi yake, atanyamula malalanje a mwana. Anakumbatira mlongo wake pakhomo.

"Ndakondwa, achemwali. Musandiyang'ane choncho, ndikunena zoona."

Patebulo panalibe a Makina, panalibe a Chifukwa. Masupuni okha ndiwo ankalankhula. Katswiriyo analephera kupirira.

"Alamu, pepala lija silikunena chilichonse za inu."

"Ndikudziwa. Theka langa likadali theka, masamu amenewo ngakhale ife timawatha. Kungoti kale pa benchi yodikirirapo tinalipo awiri."

Mphunzitsiyo ananyamula kapu ya tiyi ndi manja onse awiri. Mwina ankatero kuyambira kale. Palibe anali atazisamalapo. Katswiriyo anangozindikira kuti maso ake ali pa zalazo, akuwerenga. Mphunzitsiyo anaona. Anatsitsa kapu bwinobwino, manja n'kuwabisa pansi pa tebulo. Limenelo linali Lamlungu lake lomaliza m'nyumbamo.

Lolemba pa 3 Epulo telalayo anatenga mwana ndi masutikesi awiri kupita kwa azakhali ake, pafupi ndi koleji. Sanakalipe, sanamenyetse chitseko.

"Banja sindikuthetsa," anatero ali pakhomo. "Ndikufuna ndikakhale kaye kumene ndikati ayi, amakhala ayi."

Nyumba inakula. M'kabati munali mbale zisanu ndi chimodzi, yotsukidwa inali imodzi yokha. Nsapato ya mwana inatsala kuseri kwa sofa, ndipo mwamunayo ankasesa moizungulira. Lamlungu likafika ankaphika chakudya cha anthu anayi mwachizolowezi, n'kumadya chomwecho mpaka Lachitatu. Kuntchito zonse zinkayenda bwino. Makina sanalakwitsepo ngakhale kamodzi, ndipo palibe anadziwa za kabotolo kaja. Koma fomu imene odwala amasaina asanatengedwe magazi, imene kwa zaka khumi ndi zinayi ankaiona ngati chipepala chochedwetsa mzere, tsopano ankaiwerengera munthu aliyense mokweza, mpaka anzake anayamba kumuseka kuti wasanduka m'busa.

Lachitatu pa 14 Juni anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kupita kukoleji. Anakhala kumbuyo kwa kalasi ya mipando makumi asanu ndi limodzi, momwe munali ophunzira asanu ndi anayi. Mlamu wake ankaphunzitsa ataimirira, choko kumanja. Ophunzira atatuluka, anayamba kufufuta bolodi osacheuka.

"Mwasochera, alamu? Kuno kulibe firiji."

"Ndabwera ndi funso. Zotsatira zinali zolondola. Nkhani inali yabwino. Palibe amene ndinamunamiza. Ndiye ndinalakwa pati?"

Mphunzitsiyo anasasa fumbi la choko m'manja. "Takulandirani kwathu. Mafunso a kuno ndi amenewo, ndipo alibe makina." Anakhala pa desiki. "Choonadi munachipeza, sindikutsutsa. Koma chinali m'nyumba ya mwini, inu munalowera pawindo. Ngakhale mutabwera ndi mphatso, wolowera pawindo amaopsa."

"Nditani tsopano?"

"Kamufunseni."

"Akakana kubwerera?"

"Ndiye kuti wakana. Ulendo uno mudzamve."

Katswiriyo anaimirira. Atafika pakhomo anacheuka, milomo ikufuna kunena za makina aja, kuti ngati alamu atafuna, ndi masiku asanu ndi anayi okha. Anawameza mawuwo. Mphunzitsiyo anagwedeza mutu pang'ono, ngati mmene amachitira wophunzira akayankha bwino.

Katswiri ameneyu ankadziwa kufunsa magazi, ndipo magazi ankamuyankha mosaphonya. Chimene sanaphunzire n'chakuti pali funso lina limene limayenera kutsogola, lofunsa munthu, lakuti kodi n'koyenera. Uchi anaupezadi, koma m'kamwa mwake simunatsale kutsekemera. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.

Lolemba pa 19 Juni anasiya kalata kushopu. Inali ya mizere itatu, yothera ndi funso limodzi. Lero ndi pa 30 Julayi, ndipo telalayo sanayankhebe.