Mawezulo Osaboola a Mwandida

Kale, mawezulo achitsulo asanafike m'masitolo, anthu ankasema okha. Wezulo ya bango inali yoitanira agalu ku uzimba. Ya dongo inali ya ana opirikitsa mbalame m'mapira. Ya nyanga ya gwape inkalira pagule, kapena nyumba ikamapsa.

Pafupi ndi dambo la Mphanje panali msemi wa mawezulo, a Chimbalanga, ndi ana awo awiri. Wamkulu, Dzoole, anali wa pakamwa. Mlongo wake Mwandida ankadula bango ndi kusungunula phula, ndipo palibe ankamufunsa kanthu.

Ntchitoyi inali ndi lamulo lake. Wezulo saiyesera padambo pamene wadula bango lake, chifukwa mwini dambo amamva. Dzoole ankadziwa. Koma tsiku lina anaona atsikana akuchapa kutsidya, ndipo analiza wezulo yatsopano padambo pomwepo.

Madzi anagawika. Anatuluka Dzimwe, chilombo cha mitu isanu pa chifuwa chimodzi, n'kumeza Dzoole ndi wezulo yake yomwe.

Amuna a m'mudzi anatenga mikondo. Anayenda mpaka pachulu cha kuseri kwa nkhokwe, naliza mawezulo mpaka masaya kuwawa.

"Wamva ameneyo, akunjenjemera," anatero mmodzi, ndipo onse anabwerera ku mowa.

A Chimbalanga miyendo inali itafa kale. Anangoona Mwandida akunola mpeni.

"Ukupita kuti, iwe?"

"Kukatenga achimwene, bambo."

"Amuna alephera."

"Amuna sanapite."

M'njira anakumana ndi nsadzu, kambalame kolondolera anthu ku njuchi. Kanamutsogolera ku mphako, iye nafula uchi, n'kukasiyira chisa chake pamwala monga amachitira anthu aulemu.

"Alenje a kwanu amandimana, koma iwe wandikumbuka," inatero nsadzu. "Uchiwo idya, phula usunge. Ukadzola pamphumi usanduka bango. Ndipo udziwe kuti Dzimwe ali ndi milomo yambiri, koma mpweya wake umalowa m'thumba limodzi."

Atafika padambo, Mwandida anadzola phula. Anasanduka bango, nayandama mpaka pachilumba chimene Dzimwe ankaotherapo dzuwa. Atagunda mtunda anakhalanso munthu.

Mutu wapakati unatsegula diso. "Ndiwo zabwera zokha. Koma tiyambe taseka. Ukalephera ndikumeza. Ndagi."

"Gize," anayankha Mwandida.

"Mkazi wanga alibe matumbo, koma ndikamupsompsona amalira."

"Wezulo."

Mutu wakumanzere unaseka. "Chilimwe chonse wakhala ukuganiza, n'kutulutsa zimenezi? Ndagi wofunsa mwana wa msemi?"

"Tseka pakamwa, chikutumbwe iwe," unatero mutu wapakati. "Wezulo ija unameza ndiwe, ife tisanalizeko."

"Ndinali ndi njala."

"Agogo," anatero Mwandida, "musakangane. Ndikusemerani aliyense yake."

Anakhala pansi. Anadula bango lonenepa, napala, nasema mlomo wake, natseka kumapeto ndi phula. Mitu inkayang'ana, dovu likugwa. Atamaliza mawezulo asanu, mutu wapakati unanunkhiza imodzi.

"Bowo lili kuti?"

"Kwathu msemi saboola bowo lomaliza mwini wake asanauziremo, kuti wezulo idziwe mpweya wake." Izi zinali zoona. Kenako anawonjeza bodza. "Koma wamphamvu sadikira mpeni. Amaboola yekha ndi mpweya. Amene ayambe kuliza ndiye mwini thupili."

Chibadwire mitu ija inali isanagwirizane kuti mwini thupi ndani. Uliwonse unayasamula. Mwandida anapaka phula lofunda pamilomo yonse, nalowetsa mawezulo, phula n'kuuma.

Mitu inayamba kuuzira. Mawezulo anali zii. Mutu uliwonse unkakoka mpweya ndi mphuno, n'kuyang'ana mnzake cham'mbali, osafuna kuyamba kutulutsa. Chifuwa chinatupa ngati nkhokwe. Mimba inatupa ngati chulu. Maso anatong'oka, mitsempha inaima m'makosi, koma panalibe mutu wogonja. Mwandida anabisala kuseri kwa mtengo wa mkuyu.

Dzimwe anaphulika. Madzi a m'dambo anathawira kumtunda, mbalame zonse n'kuuluka.

M'mimbamo munatuluka mbuzi, agalu a alenje, mayi wina ndi mtsuko wake, ndipo pomaliza Dzoole, ali noninoni, akununkha.

"Wachedwa," anatero Dzoole.

Mwandida anamupatsa mtolo wa bango kuti asenze.

Kumudzi nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Amayi anamunyamula Mwandida pamapewa, eni mbuzi namupatsa mbuzi. Amuna a mikondo aja anafotokozera aliyense kuti chilombocho chinali chitafooka kale ndi phokoso lawo. Dzoole atasamba anaima pabwalo.

"Kunena zoona, tinathandizana. Ine ndinali m'katimo, ndikukankha ndi miyendo."



"Iwe unali chakudya," anatero a Chimbalanga.

Kenako anasendera kumapeto kwa mphasa yosemerapo, pamene sipanakhalepo mwana wamkazi chiyambire, ndipo anamenya pansi ndi dzanja.

"Khala apa, mayi."

Mwandida anakhala. Nthano yanga yafika pamenepo.