Mpando Wachiwiri mu Ndege ya a Kadzuwa

Panali mmisiri wina wowotcherera zitsulo kuchigwa cha Balaka, dzina lawo a Kadzuwa. Ntchito yawo inali mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Koma kuseri kwa shedi yawo kunali chinthu china chimene ankachifunditsa lona. Bambowa ankapanga ndege.

Musaseke. Anthu a pamalopo anaseka kale zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anatopa okha. Ndegeyo inali yaing'ono, ya mapaipi opepuka ndi mapiko okutidwa ndi nsalu, ndipo odziwa za ndege atabwera kudzaiona sanapeze poinyoza. Manja a Kadzuwa anali aluso, zimenezo sitingawalande. Vuto lawo linali mutu wothamanga. Dzanja likugwira ichi, maganizo ali kale pa china. Ankatha kusokoneza shedi yonse kufunafuna sipanala ili m'thumba mwawo momwe.

Ndegeyo inali ndi mipando iwiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Wakumbuyowo unali wa akazi awo, Nangozo. Anawalonjeza tsiku limene anadula paipi yoyamba. Nangozo ndi amene anasoka nsalu yonse ya mapiko pa makina awo opalasa ndi mwendo, ndipo mpandowo anaukutira okha ndi chitenje chimene ankachisungira ukwati wa mwana wawo. Kuchigayo, kumjigo, kutchalitchi, panalibe mayi wosadziwa kuti Nangozo adzaona denga la nyumba yawo ali kumwamba.

Zonse zitatha panatsala injini, ndipo pabenchi panali ziwiri. Yoyamba inali ija amisiri amati thusitiroko. Ndi yopepuka, munthu mmodzi amainyamula, koma mphamvu zake n'zoposa msinkhu. Ilibe posungira oyilo. Oyilo wake umasakaniza ndi petulo m'chigubu, pa muyezo wake, nthawi iliyonse ukamathira mafuta. Ukaiwala kamodzi kokha, zitsulo zimadyana m'kati, injini n'kugwira. Yachiwiri inali foositiroko. Imeneyi oyilo amakhala m'mimba mwake, simwa petulo wambiri, ndipo imalira modekha tsiku lonse. Koma kulemera kwake, abale inu!

A Kadzuwa anabwereka sikelo kwa ogula nandolo. Anapima injini zonse ziwiri, anadzipima okha, ndipo Nangozo anawapima mochita kuwanyengerera. Masamu sananame. Ndi thusitiroko, ndege ikanyamula anthu awiri. Ndi foositiroko, munthu mmodzi yekha, apo ayi ikakola bulugama amene anali kumapeto kwa dambo ponyamukira. Walira mvula walira matope: injini iliyonse inali ndi chake chimene inkafuna. A Kadzuwa sanachedwe kuganiza. Anamanga thusitiroko.

Poti ankadziwa za mutu wawo, anachenjera. Chigubu cha petulo wosakaniza anachimanga kansanza kofiira pakhosi, kuti chisasokonezeke ndi cha jenereta. Kenako anamangirira mchira wa ndege ku mtengo wa bwemba ndi chingwe cholimba, n'kumailiza injiniyo m'mawa uliwonse ili pansi pomwepo, kuti aone khalidwe lake. Masabata atatu inalira bwinobwino. Mtima wawo unakhala m'malo.

M'mawa wina anabwera ndi petulo watsopano, namuthira m'chigubu cha kansanza kofiira chija. Akuti atenge botolo la oyilo, panafika munthu ndi ngolo yothyoka ekiselo, chimanga chili mbwee pamsewu. A Kadzuwa anathamangira komweko. Pobwerako dzuwa litakwera, anaona kansanza kofiira, mtima n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Anathira mu thanki, anakhala pampando wakutsogolo, nailiza.

Inalira mokoma mphindi zisanu ndi ziwiri. Kenako inasintha mawu pang'ono, chokupiza mphepo chija amati pulopela n'kuima. Kunangoti zii.

A Kadzuwa anatsika. Anadontheza petulo wa m'chigubu pachikhatho. Petulo wosakaniza amasiya kunona pa zala, koma uyu anauma nthawi yomweyo, chikhatho chili gwa. Atacheuka anaona botolo la oyilo lili pabenchi, losatsegula.

Nangozo anasuzumira kuchokera kukhonde. "Bwanji yasiya msanga lero, bambo a Yankho?"

"Pulagi yada basi," anayankha choncho, osawayang'ana.

Tsono imvani mmene mayesero amabwerera kwa mmisiri. Thusitiroko sivuta kukonza. Pisitoni yatsopano, tsiku limodzi, yadzuka. Palibe anaona, palibe akanadziwa. A Kadzuwa anatenga kale sipanala kuti ayambe kumasula. Koma maso awo anagwa pa chingwe chija chomanga ku bwemba, ndipo anayamba kuwerenga mumtima. Mphindi zisanu ndi ziwiri. Chikhala kuti chingwecho panalibe, nthawi imeneyo akanakhala atadutsa bulugama, atadutsa njanji, ali pamwamba pa miyala ya kuphiri, Nangozo ali kumbuyo kwawo akuwagwira phewa ndi chimwemwe. Mantha anawagwira, anakhala pansi padothi. Chimene chinawawawa koposa n'chakuti kansanza kofiira kanalipo. Anali atadzitchinjiriza kale, koma anadzinamiza ndi chitchinjirizo chomwecho.

Anakhala pamenepo mpaka mthunzi wa bwemba unawachokera. Atadzuka sanapite ku injini ayi. Anapita kumpando wakumbuyo, anamasula mabawuti ake anayi, anausenza, nakautula pakhonde pamaso pa akazi awo.

"Mayi a Yankho, ndinakunamizani. Si pulagi. Ndinaiwala oyilo. Ndimanga injini yolemera ija."

Nangozo anayang'ana mpando, anayang'ana mwamuna wawo. Masamu a sikelo aja ankawadziwa. "Ndiye ine zala zonse zija ndinabooka ndi singano, ndinkasokera inu nokha?"

"Pepani."

"Oyiloyo ndizithira ndine. Ine sindiiwala."

"Inu simuiwala, n'zoona. Koma tsiku lina mudzakhala mutapita kwanu ku Ntcheu kumaliro. Ine kudikira sinditha, mumandidziwa. Ndidzathira ndekha, mawa lake n'kukukwezani. Injini yopepukayi ilibe mlandu. Imafuna munthu wosaiwala ngakhale kamodzi, ndipo munthuyo si ine."

Nangozo analira, ndipo sikunali kulira kwa kuthokoza ayi. Kunali kupsa mtima ndi manyazi, poganiza za amayi a kuchigayo. Anatha sabata osawalankhula bwino amuna awo. A Kadzuwa anamanga foositiroko, ndipo tsiku limene analoledwa kuuluka, ndege inadutsa bulugama, inazungulira dambo katatu, n'kutera bwinobwino. Anthu anaimba nthungululu. Nangozo anaima patali, manja ali kumbuyo.

Sindikukometserani nkhaniyi. Mayi aja sanakwerepo ndege, ndipo wina akaitchula amayang'ana kumbali. A Kadzuwa nawo akamauluka okha amamva kusowa kumbuyo kwawo, ndipo kumawapweteka. Koma akalamba onse awiri pakhomo limodzi, akukanganabe za nkhani yomweyi.

Tsono inu amene mwaphunzira ntchito ya manja, ndipo posachedwa anthu ayamba kukwera, kugonera ndi kudalira zimene mwamanga, mumakonda kufunsa kuti, "Yabwino ndi iti?" Zonse ziwiri n'zabwino, ndipo alipo ambiri amene thusitiroko imawatumikira mokhulupirika chifukwa iwonso saiphonya. Funsani kuti chinthucho chidzafuna chiyani kwa inu, ndiponso ngati mudzachipereka pa tsiku limene mwatopa, mwasokonezedwa, wina akukuitanani kumsewu. Injini mwaipima, chabwino. Dzipimeninso nokha, mosadzikondera, chingwe chikadali chomanga kumtengo. Mukapeza kuti simukwana, pitani mukanene ndi pakamwa panu kwa amene munamulonjeza. Adzakwiya, mwina sadzakukhululukirani msanga. Mulekeni akwiye, bola akukwiya ali moyo.