Tsiku Limene Aphunzitsi Anasuzumira M'chitsime

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Umene ndikuuzeni lerowu kwawo ndi pa bwalo la mpira la kwa Chimpeni, zaka zija anthu ankamenya chikopa opanda nsapato.

Pa sukulu ya m'mudzimo panabwera aphunzitsi a masamu, dzina lawo a Gondoloza. Anali munthu wabwino ndithu, koma anali ndi nthenda imodzi: chinthu chimene sichinalembedwe m'kope, kwa iwo ndiye kuti kulibe. Atamva kuti timu ya pamudzi yakhala ikugonja zaka zisanu ndi ziwiri kwa anyamata a kutsidya kwa mtsinje, anapempha kuti aiphunzitse iwo. Popatsidwa wezulo, analumbira anthu onse akumva.

"Tikagonjanso chaka chino, wezuloyu ndibweza, ndipo pa bwalo pano simudzandionanso."

Kuyambira pamenepo, masewero alionse ankakhala pambali ndi kope lawo. Womwetsa chigoli, chonga. Wopatsira mpira wa chigoli, chonga. Goloboyi akagwira, chonga. Tsamba la Lapukeni, wosewera kutsogolo, linadzaza mpaka m'mphepete. Koma panali tsamba lina limene linangokhala mbuu, la Zakeyo, wosewera pakati.

Zakeyo anali bambo wamfupi, wa mawu ochepa, ntchito yake yokumba zitsime. M'bwalo sankachita zodabwitsa. Ankangopezeka ataima pamene mpira ukudzera, n'kulanda, n'kupatsira mnzake wapafupi, basi. Atsikana oimba m'mbali mwa bwalo anapekera nyimbo aliyense, ngakhale wina amene ankangogwa yekha, koma Zakeyo ayi.

Litatsala tsiku limodzi kuti akumane ndi a kutsidya, aphunzitsi anamuitanira pambali.

"A Zakeyo, mundikhululukire, mawa mupumule. Masamu sanama. Pamalo panu ndiikapo Fulaye, iye uja wamwetsa zigoli ziwiri."

"Palibe kanthu, aphunzitsi," anatero Zakeyo. "Ndiponso chitsime cha pa sukulu chaphwa ndi dzuwali, amayi akuvutika. Ndikachikumbeko."

Kunena zoona, mtima unamupweteka. Koma m'mawa ananyamula khasu ndi ndowa n'kupita.

Masana mpira unayamba, ndipo abale, zinali zomvetsa chisoni. A kutsidya ankadutsa pakati ngati pa msewu wa kumsika. Fulaye anali atathamangira kutsogolo kukasaka chigoli chachitatu cha m'kope. Lapukeni anangoima manja m'chiuno, mpira osamupeza. Pofika nthawi yopumulira, a kwa Chimpeni anali atamwa zigoli ziwiri kwa duu.

Aphunzitsi anatsegula kope, thukuta lili kamukamu. Akatswiri onse a m'kopemo anali m'bwalo. Nanga chavuta n'chiyani?

"Aphunzitsi, kodi mpira ndiutenga kuti ine?" anafunsa Lapukeni. "Amene amauyambitsa kuti undipeze mwawasiya kunyumba."

Goloboyi naye anaonetsa zikhatho zake zotupa. "Ine masiku onse ndimagwira mipira itatu, inayi. Lero ndasiya kuwerenga. Mukuganiza kuti ina yonseyi ankaitchinga ndani?"

A Gondoloza sanatume munthu. Analiyatsa liwiro okha kulowera ku sukulu, tayi ikuuluka paphewa, anthu akuseka. Atafika pa chitsime anapeza amayi atatu akukoka ndowa yodzaza dothi. Anagwada n'kusuzumira.

Chitsime chimenechi ankachiona tsiku ndi tsiku, madzi ali pafupi ndi kukamwa, ndipo ankayesa kadzenje chabe. Tsopano anaona mdima wautali, ndipo pansi penipeni Zakeyo akuoneka ngati kamwana.

"Mayo ine! A Zakeyo, kodi chitsimechi n'chakuya chonchi?"

Mawu anakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. "Chinali chonchi kalekale, aphunzitsi. Madzi ndi amene ankabisa."

Manyazi anawagwira aphunzitsi. Kenaka anafuulira m'chitsimemo.

"Ndinalakwa, achimwene. Tulukani, chonde, tikutha uko!"

Amayi aja anaseka chikhakhali, nakoka chingwe pamodzi ndi aphunzitsi mpaka Zakeyo anatulukira, matope thupi lonse. Nthawi yosamba panalibe. Analowa m'bwalo momwemo, Fulaye n'kutuluka.

Msewu wa kumsika uja unatsekeka. Wa kutsidya akati adutse kumanja, Zakeyo ali pomwepo. Akati akhotere kumanzere, ali pomwepo. Mpira unayamba kuyenda kuchoka kwa Zakeyo kupita kwa wapafupi, wapafupi kwa wina, winayo kwa Lapukeni. Chigoli! Posakhalitsa china. Dzuwa likupendeka, Zakeyo analanda mpira pa mwendo wa kaputeni wa kutsidya, anthu atatu anaugwirapo, ndipo Lapukeni anamwetsa chachitatu.

Bwalo lonse linasefukira. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya, nkhalamba zinataya ndodo, fumbi linakwera kumwamba. Anyamata anathamangira kuti anyamule Lapukeni, koma iye anawakankha n'kukanyamula Zakeyo, matope ndi matope. Aphunzitsi anavina wezulo ali pakamwa, misozi ikutsika. Tsiku limenelonso Zakeyo sanamwetse chigoli, sanapatsire ngakhale mpira umodzi wa chigoli.

Anthu atafunsa a Gondoloza chimene anaphunzira, anayankha ndi mawu amene timanena mpaka lero: "Chitsime chimadziwika kuti n'chakuya chikaphwa."

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Pali anthu amene ntchito yawo sioneka chifukwa amaigwira bwino tsiku lililonse, ndipo timazolowera kutunga osafunsa. Timadzazindikira kukula kwawo tsiku limene palibe. A Gondoloza anachita mwayi, munthu wawo anali pafupi, chingwe chinamufika. Ena akamasuzumira amapeza mulibe woyankha. Choncho muthokozeni munthu wotereyu madzi akadalimo.